Musanagawe Paki, Funsani Kaye Chimene Anaisiyira: Kalata Yotseguka kwa Oyang'anira Mizinda

Olemekezeka mameya, makhansala, akuluakulu a zamalo ndi a zomangamanga, ndi nonse amene mukasayina pepala nkhope ya mzinda imasintha,

Ndakhalapo m'misonkhano yanu kangapo, pampando wakumbuyo, ndikumvetsera mmene mumatchulira malo amene ine ndakalambira ndikuwasamala. Pa mapu anu malowo amapakidwa mtundu wobiriwira, ndipo wina akawaloza ndi cholembera amati, "Apa palibe kanthu." Mawu atatu amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi. Ntchito ya m'mapaki ndinaiyamba ndikukankha wilibala, ndinaimalizira pa tebulo la mapulani, choncho mundilole ndilankhule momasuka, mwaulemu koma mosabisa mawu.

N'zoona kuti pamalopo palibe nyumba. Koma paki, bwalo la kapinga pakati pa nyumba zogona, mzere wa mitengo m'mphepete mwa msewu, dambo limene linasiyidwa dala osamangapo, zonsezi panali munthu amene anaziganizira. Anayenda pamalopo, anayeza kutsetsereka kwa nthaka, anaona kumene dzuwa limawomba masana ndi kumene madzi amathamangira, anajambula, anakangana ndi anzake, ndalama za anthu zinalowapo. Ndi ntchito ya luso monga ilili nyumba yakale ya miyala imene simungalole wina kuigumula usiku. Tsoka la luso limeneli n'lakuti likagwirika bwino limadzibisa lokha. Mitengo ikakula, udzu ukaphimba zipsera za khasu, mdzukulu wa amene anakumba amayesa kuti zinangomera.

Pitani ku Central Park ku New York mukafunse alendo. Ambiri akakuuzani kuti ndi kachigawo ka tchire kamene kanapulumuka pamene mzinda unkamangidwa. Chonsecho mahekitala 341 amenewo anachita kuumbidwa. Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux atapambana mpikisano wa mapulani mu 1858, anthu zikwizikwi analowa pamalopo ndi mafosholo ndi ngolo. Matanthwe anaphulitsidwa ndi wonga, zithaphwi zinaphwetsedwa ndi mapaipi okwirira pansi, dothi lachonde anachita kuwoloka nalo mtsinje kuchokera ku New Jersey, ndipo nyanja imene anthu amapalasamo mabwato lero ndi yokumba. Chimene chimandigometsa ine ndi misewu inayi yodutsa pakiyo chopingasa. Awiriwo anaikumba motsika, ngati ngalande zikuluzikulu, kuti ngolo za katundu zizidutsa m'munsi, munthu amene wakhala pa kapinga osaziona. Lero mukudutsa mabasi ndi matakisi, ndipo nzeru ija ikugwirabe ntchito patatha zaka zoposa 160. Olmsted nayenso anali ndi pophunzirira. Mu 1850 anafika ku Birkenhead ku England n'kuona paki imene Joseph Paxton analinganiza, yotsegulidwa mu 1847 ndi ndalama za anthu a m'tauniyo, mmene wolemera ndi wosauka ankayenda m'njira imodzi, ndipo anabwerako atagwidwa mtima. Luso limeneli lili ndi makolo ake ndi mzere wake wobadwira.

Ndiyambe ndi madzi, chifukwa pa madzi m'pamene ndinaphunzirira zowawa. M'paki ina imene ndinagwiramo ndili mnyamata munali ngodya ya kumunsi yolowa pansi ngati mbale. Munalibe maluwa, munalibe benchi, kapinga yekha ndi mitengo ingapo yokonda chinyezi m'mphepete. Tsiku lina ndinadzaza wilibala ndi dothi kuti ndikakwirire pamene ine ndinkapaona ngati dzenje lonyansa. Kapitawo wathu, mkulu wa imvi amene sankasiyana ndi mpeni wodulira nthambi m'thumba la ovolosi, anandigwira pamkono. "Mwanawe, bweza dothilo. Apa m'pogona madzi. Mvula ikabwera ndi ukali imafuna pogona usiku umodzi, mawa lake izipita bwinobwino." Ndipo zinalidi choncho. Mvula yamphamvu ikagwa, mbale ija inkadzaza mpaka m'mawondo, ana n'kumaonerera ataima patali. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri madzi ena alowa pansi, ena atsika pang'onopang'ono m'kangalande ka miyala kamene kanabisika m'udzu.

Mkulu uja atapuma pa ntchito, ngodya ija inaperekedwa kuti pakhale poimika magalimoto. Palibe amene anachita zimenezi mwa nkhanza. Pa mapu panalibe kanthu. Anathirapo zibuma ndi miyala, katapila anasalaza, phula n'kuyalidwa. Chaka chachiwiri madzi anasowa pogona, ndipo anakagona m'nyumba za anthu a kumunsi kwa msewu. Ndinaona ndi maso angawa mayi ena atasenza matiresi onyowa, mwana ali kumbuyo, akufunafuna pouma poti ayanike. Lipoti linati mvula ya chaka chimenecho inapyola muyeso. Ine mumtima ndinkati madzi saiwala khwawa. Ndinapita kukafuna pulani yoyambirira ya pakiyo kuti ndikaonetse akuluakulu, ndipo kabati ya mapulani ndinaipeza itakankhidwira m'chipinda chosungiramo makasu, denga likudontha, chiswe chitamanga njira zake m'madirowa. Pepala limene ndinkalifuna linanyenyeka m'manja mwanga ngati tsamba louma. Pa kachidutswa kamene kanatsala pankaonekabe mzere wa inki yabuluu wozungulira ngodya ija, ndi kamuvi koloza kumene madzi ayenera kutulukira. Amene anajambula kamuvi kameneko sanawadziwe mayi aja, koma anali atawaganizira kale, iwo ndi matiresi awo.

Musayese kuti zoterezi zimachitika m'mizinda yosauka yokha. Ku Boston, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, Olmsted yemwe uja anapatsidwa chithaphwi chonunkha cha Back Bay Fens, mmene zonyansa za m'tauni zinkaunjikana, ndipo anachisandutsa paki imene ntchito yake yoyamba inali kulandira madzi osefukira. Kamtsinje ka Muddy River anakakonzanso kuti kakhale mbali ya mkanda wa mapaki umene amautcha Emerald Necklace. Mibadwo yotsatira inaona kukongola kokha, ntchito ija n'kuiiwala. Zigawo zina za kamtsinjeko anazilowetsa m'mapaipi, pena pamwamba pake n'kuikapo poimika magalimoto, kwina matope ndi bango zikungodzaza osachotsedwa. Mu Okutobala 1996 kunagwa chimvula, kamtsinje kaja kanasefukira, madzi n'kulowa m'njanji za pansi pa nthaka mpaka kumiza siteshoni ya Kenmore. Zitatero m'pamene anayamba kukamba zofukula mtsinje umene anaukwirira okha, ntchito imene yadya zaka zambiri ndi madola mamiliyoni ochuluka. Ku Seoul nako mtsinje wa Cheonggyecheon unavindikiridwa ndi konkire, pamwamba pake n'kumangapo msewu wodutsa m'mwamba. Mu 2003 anayamba kugumula msewuwo, mu 2005 mtsinje unaonekanso. Anthu amaukonda, ndipo n'koyenera kutero, koma madzi ambiri amene akuyendamo amachita kupopedwa ndi makina.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya ku Lahore, ku Pakistan. Munda wa Shalimar unamangidwa ndi mfumu Shah Jahan m'zaka za 1641 ndi 1642, pa masitepe atatu otsika motsatizana, ndi akasupe okwana 410 amene ankathuvula madzi popanda injini iliyonse. Mtima wa mundawo sunali mkati mwa mpanda. Unali kunja, m'mphepete mwa msewu, m'mathanki akale amene ankasunga madzi ndi kuwatumiza ku akasupe aja. Mu 1999, pokulitsa msewu wa Grand Trunk Road, awiri mwa mathanki atatuwo anagumulidwa, atakhala zaka zoposa 350. Chaka chotsatira UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika malowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse chimene chili pa ngozi, ndipo anakhalapo mpaka 2012. Ndimamuganizira woyendetsa katapila wa tsiku limenelo. Sanaponde duwa ngakhale limodzi, pa geti la mundawo sanalowepo n'komwe, ndipo ndikhulupirira kuti madzulo anaweruka ndi mtima woyera. Malire amene mumalemba pa mapu, mabwana ndi madona, kawirikawiri amatsata mpanda, pamene moyo wa malowo umachokera kutali: kumtunda kumene madzi amayambira, kuphiri kumene njira yaikulu ya m'paki inalunjikitsidwa dala kuti woyenda aziliona patsogolo pake. Mukaloleza nyumba yansanjika pakati pa njirayo ndi phirilo, mtengo simunadule ngakhale umodzi, koma mwachotsa chimene njirayo inapangidwira. Chigwa cha Elbe ku Dresden, ku Germany, chinalowa pa mndandanda waukulu wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse mu 2004 n'kufufutidwapo mu 2009 chifukwa cha mlatho umodzi waukulu wodutsa pakati pake.

Wina akabwera poyera kuti ameze paki, anthu amadzuka. Zinatero ku Nairobi mu 1989, pamene kunakonzedwa zomanga chinyumba chosanjikana ka 60 mu Uhuru Park. Wangari Maathai, mayi womenyera chilengedwe wa ku Kenya, analemba makalata, anapita kukhoti, ananyozedwa m'nyumba ya malamulo, koma amene ankafuna kuikapo ndalama anabwerera m'mbuyo ndipo chinyumbacho sichinamangidwe. Mdani wamkulu chotero amaonekera patali. Amene saoneka ndi uja wobwera kudzapempha kachigawo: mamita asanu okulitsira msewu, ngodya imodzi ya pomwetsera mafuta, kanyumba "kongoyembekezera" kamene pakatha zaka 10 kali ndi maziko a konkire ndi mpanda wakewake. Pepala lililonse mwa amenewa likafika pa tebulo panu limaoneka laling'ono, ndipo amene akusayina lero sanalione limene mnzake anasayina zaka zisanu zapitazo. Ndikukupemphani kuti pempho lililonse lotenga kachigawo ka paki lizibwera pamodzi ndi mapu oyambirira, ndi ena osonyeza zonse zimene zinabenthulidwapo kale. Wosayina aziona bala lonse.

Tsono pali mbali ina imene ngakhale okonda mapaki ambiri saimvetsa. Nyumba yakale mungaiteteze poiikira lamulo lakuti isakhudzidwe. Munda mukauikira lamulo lotero mwaupha, chifukwa zomangira zake n'zamoyo: zimakula, zimadwala, zimakalamba, zimafa. Akatswiri a mabungwe a ICOMOS (loteteza malo akale) ndi IFLA (la olinganiza mapaki ndi minda) atakumana ku Florence ku Italy mu 1981 analemba chikalata chotsogolera kasamalidwe ka minda yakale, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yomweyi, kuti munda wakale ndi chipilala chamoyo, chofunika kusamalidwa mosalekeza ndi kubzalidwanso mwa dongosolo, komanso kuti pasapezeke woukonzanso asanafufuze mokwanira mmene unalili. Ku Versailles ku France, kumene André Le Nôtre anayamba kuyala minda ya mfumu Louis XIV m'zaka za m'ma 1660, anazidziwa kalekale zimenezi. Louis XVI atangolowa ufumu mu 1774 analamula kuti mitengo yokalamba igwetsedwe ndi kubzala ina, ndipo zinachitikanso patapita zaka pafupifupi 100. Ulendo wotsatira unachedwa. Mphepo yamkuntho ya pa 26 Disembala 1999 inapeza mitengo yambiri itapyola msinkhu, ndipo m'maola ochepa yoposa 10,000 inazuka kapena kuthyoka, kuphatikizapo ina ya m'nthawi ya Marie-Antoinette ndi Napoleon.

Mzere wa mitengo umene unabzalidwa pamodzi umakalambanso pamodzi. Ndikamayenda m'misewu ya mithunzi imene mizinda yambiri imanyadira, anzanga amayang'ana m'mwamba, ine ndimayang'ana pansi kufunafuna ana. Nthawi zambiri palibe. Pali zimphona zokhazokha za msinkhu umodzi, zina zabooka m'kati, ndi mipata pamene zina zinagwa osabwezeretsedwa, ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Chifukwa chake ndikuchidziwa: wobzala mbande lero sadzadula riboni pansi pa mthunzi wake, ndipo wogwetsa mtengo wodwala amatukwanidwa ndi mudzi wonse. Komabe pafunika wina alimbe mtima, afotokozere anthu, abzale m'magawomagawo kuti mthunzi usadzathe tsiku limodzi. Asabzalenso mtundu umodzi wokha mzinda wonse. Ku Britain matenda a mitengo ya elm anapha mitengo yoposa 25 miliyoni kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kumene kunali elm yekhayekha kunatsala poyera. Nazale ya khonsolo musaitseke. Mtengo wa m'msewu umaleredwa zaka zingapo, kuuwongola thunthu, kuudulira mizu kuti udzapirire pousamutsa, ndipo wotero simungaupeze ndi tenda ya mwezi umodzi.

Ndafika pa anthu. Pulani ya pa pepala imanena mizere ndi miyeso, koma sinena kuti heji iyi imametedwa polekeza m'chiuno kuti wokhala pa benchi aziona dziwe, kapena kuti vavu ya paipi yakale ili pansi pa mwala uti. Zimenezo zimakhala m'mutu mwa wolima, ndipo zimachoka kwa mkulu kupita kwa mnyamata onse atagwada pa bedi limodzi la maluwa. Mukachotsa antchito okhazikika n'kumapereka ntchito kwa kontirakitala wosintha chaka ndi chaka, bajeti imapepuka, koma chingwe chimenechi mwachidula. Wobwera kumene amameta zonse mofanana. Chitsamba chimene chinayenera kutambalala amachisandutsa mpira, mtengo amaudula mutu wonse n'kusiya chitsa chachitali chimene chidzayamba kuola kuchokera pamwamba. Sindimuda mnyamata ameneyo, palibe anamuuza.

Central Park yomwe ija inatsala pang'ono kutheratu m'zaka za m'ma 1970, mzinda wa New York uli pa mavuto a ndalama. Kapinga anasanduka fumbi, makoma ndi milatho zinalembedwalembedwa, mabenchi anathyoka, anthu ankaopa kulowamo. Bungwe la Central Park Conservancy litakhazikitsidwa mu 1980, motsogozedwa ndi Elizabeth Barlow Rogers, linayamba ndi kufufuza mitengo, dothi, ngalande ndi mapulani akale. Pambuyo pake pakiyo inagawidwa m'zigawo 49, chilichonse n'kukhala ndi wolima wake wofunsidwa za icho. Ndi nzeru yomwe ija ya kapitawo wanga, kuti malo akhale ndi munthu wodziwa pamene pamayamba kuuma mvula ikasiya. Ku Philippines, minda ya mpunga ya masitepe ya anthu a ku Ifugao, yosemedwa m'mapiri, inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1995, ndipo pofika 2001 inali pa mndandanda wa zangozi. Chimene chinkaidya kwambiri chinali kusowa kwa manja: achinyamata ankapita kumatauni, khoma likagumuka palibe womanganso, ngalande zothirira zikutsekeka. Inachoka pa mndandanda umenewo mu 2012, ntchito yokonza makoma ndi ngalande itayambiranso.

Pamene ndatchula Ifugao, ndinene chimene chimandivuta m'mene mbiri ya luso lathu imaphunzitsidwira kawirikawiri. Imayamba ndi minda ya mafumu n'kuthera pa mapaki a mizinda ikuluikulu, ngati kuti wolinganiza malo ndi yekhayo amene ali ndi dzina ndi pepala. Anthu a ku Konso, kum'mwera kwa Ethiopia, akhala akusanja makoma a miyala yosamata m'mapiri ouma kwa zaka zoposa 400, kugwira dothi ndi madzi, midzi yawo n'kuizinga ndi malinga, nkhalango zopatulika ndi mabwalo a misonkhano chilichonse pamalo pake. Ku Sukur, m'mapiri a Mandara ku Nigeria, kuli minda ya masitepe ndi njira zoyalidwa miyala zokwera kunyumba ya mfumu. Kumeneko n'kulinganiza malo kwenikweni, ngakhale palibe amene anasayina pansi pa pulani. Dziko linachedwa kuvomereza. Mu 1992 m'pamene UNESCO inatsegulira khomo malo oumbidwa ndi anthu pamodzi ndi chilengedwe, Tongariro ku New Zealand n'kukhala oyamba mu 1993, Sukur mu 1999, Konso mu 2011. Choncho musamaone mapaki a mageti achitsulo okha. Njira yakale ya miyendo, chitsime chimene nyumba zinamangidwa mochizungulira, manda ndi mitengo yake, mtengo waukulu wa pamphambano pamene anthu ankakumana mzinda usanafike, zonsezi ndi mapulani a amene anatitsogolera.

Mbiri muisungenso yonse, ndi zowawa zake zomwe. Ndaitamanda Central Park, koma pamalo pamene inamangidwa pankakhala anthu pafupifupi 1,600. Ena mwa iwo anali a Seneca Village, mudzi umene unayamba mu 1825, wa anthu akuda ambiri amene anagula malo awoawo, wokhala ndi matchalitchi atatu ndi sukulu. Pofika 1857 onse anali atachotsedwa, nyuzipepala za nthawiyo zikuwatcha anthu a m'zisakasa. Nkhani yawo inakwiririka pansi pa kapinga kwa zaka zoposa 100, mpaka olemba mbiri anaitulutsanso m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2011 ofukula zakale anakumbapo n'kupeza maziko a nyumba, zidutswa za mbale ndi kansapato ka mwana. Mawu aja akuti "palibe kanthu" ndi akale, ndipo ife a mapaki tinawagwiritsapo ntchito nafenso. Mukamabwezeretsa paki yakale kapena kutsegula yatsopano, muwerengere anthu amene ali pamalopo: wogulitsa wa pa geti, agogo amene amabwera kudzaothera dzuwa, ana amene anapanga njira yawoyawo yodutsa pa kapinga popita kusukulu. Njira imeneyo nthawi zambiri imakhala ikukuuzani pamene wojambula analakwitsa.

Patrick Geddes, katswiri wolinganiza mizinda wa ku Scotland, amene kuyambira mu 1915 analemba malipoti a mizinda yambiri ya ku India, anapeza mainjiniya a boma akufuna kukwirira maiwe akale chifukwa cha udzudzu ndi kuboola misewu yowongoka pakati pa nyumba za anthu. Iye ankayamba wayenda wapansi, kanjira ndi kanjira, ndipo ankalangiza kuti maiwewo ayeretsedwe, aikidwemo nsomba zodya mphutsi za udzudzu, chifukwa ndi amene ankasunga madzi a mvula ndi kuziziritsa mudzi. Chiphunzitso chake chinali chakuti kufufuza kuzitsogola, pulani izibwera pambuyo. Zimene ndikupempha ine n'zomwezo, ndipo sizifuna ngongole ya kubanki.

Lembani kaundula wa malo onse olinganizidwa amene ali m'manja mwanu, ndipo pa malo aliwonse mulembe amene anawakonza ngati akudziwika, chaka chake, ndi ntchito imene anawapangira. Ku England kaundula wotere anayamba pansi pa lamulo la 1983, ndipo lero muli malo oposa 1,600. Kulembedwa m'menemo sikutseka chitukuko, koma kumakakamiza wopereka chilolezo kuti aime kaye n'kuganiza. Mapulani akale atulutseni m'zipinda za makasu. Ku Brookline, pafupi ndi Boston, nyumba imene munali ofesi ya Olmsted inaikidwa m'manja mwa boma kuti isungidwe kuyambira mu 1979, pamodzi ndi zikalata pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo mzinda ukafuna kukonzanso paki imene ofesiyo inajambula umapita kumeneko kukafunsa. Inu simufunika nyumba yonse. Chofunika ndi chipinda chosadontha, kabati yachitsulo, makina ojambulira mapepala kuti alowe m'kompyuta, ndi munthu mmodzi amene zalembedwa poyera kuti imeneyo ndi ntchito yake. Tumizaninso wachinyamata ndi foni yojambulira mawu kwa olima amene anapuma, akayende nawo m'paki, iwo azilozera, iye azilemba. Musachedwe nazo. Chaka ndi chaka tikuwaperekeza kumanda anzathu amenewa, ndipo mavavu aja akupita nawo.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe, ndipo sindikuchipeputsa. Anthu akusowa pokhala, misewu yadzaza, ndalama za misonkho sizikwanira, ndipo paki yakhala pakati pa tauni pamene malo ndi odula. Ndinakhalapo m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi ana, ndikudziwa kuti denga limayamba. Koma wa m'chipinda chimodziyo ndi amene amaifuna kwambiri paki, chifukwa wolemera ali ndi kapinga wake kuseri kwa mpanda. Ebenezer Howard, amene maganizo ake anabala tauni ya Letchworth ku England mu 1903, ankalimbana ndi vuto lomweli la anthu othithikana m'nyumba zopanda mpweya, ndipo yankho lake linali kuika nyumba ndi malo obiriwira pa pulani imodzi, phindu la kukwera mtengo kwa malo n'kumabwerera kwa anthu a m'tauniyo. Mungatsutsane naye pa zambiri. Ine ndemwe ndimaona kuti mizinda ina imene inamutsanzira inatambalala mopyola, wosauka n'kumayenda mtunda wautali popita kuntchito, ndipo mizinda yotero ili ndi malo amene mungamangepo nyumba osalakwira munthu. Sindikunena kuti kapinga aliyense ndi wopatulika. Ndikuti muzidziwa kusiyanitsa malo ongotsala ndi malo amene akugwira ntchito mwakachetechete, ndipo zimenezi simungazidziwe mutakhala mu ofesi.

Pempho langa lomaliza ndi la majombo. Mvula yamphamvu ikadzagwanso, musadzadikire lipoti. Mawa lake m'mamawa mudzaitane wolima wamkulu kuposa onse amene mungamupeze, ngakhale anapuma kale, mupite naye kumunsi kwa paki iliyonse imene pepala lake lili pa tebulo panu. Mukayende pambuyo pake. Akakuonetsani pamene madzi agona, pamene adutsa, ndi khomo la ndani limene akanafikapo pakanakhala phula. Mukabwerako ndi matope m'miyendo, ndiye mutenge cholembera chija. Mukandiitana ine ndibwera, ndipo ndidzatenga mpeni wa kapitawo uja. Anandisiyira tsiku limene ankatsazika, ndipo ukudulabe.

Ndine wanu,
Wolima m'mapaki wopuma pa ntchito